Chimbale cha Ukwati Wathu

Chimbale cha ukwati wathu chinafika mwana atabadwa kale. Wojambula uja, bambo wina wa pa Nsaru wodziwa kulonjeza kuposa kujambula, anatizunguza chaka chathunthu ndi miyezi iwiri. Lero kompyuta yafa, mawa kulibe magetsi, mkuja wapita kumaliro. Zithunzi zapapepala ndiye sitinazione n'komwe mpaka lero. Tsiku limene anapereka chimbalecho, mwamuna wanga anabwera nacho m'thumba la malaya, akupalasa njinga ndi dzanja limodzi, linalo atagwira pachifuwa ngati wanyamula dzira.

Mudzi wathu uli pakati pa Kabudula ndi Nsaru, ndipo nthawi imeneyo munalibe nyumba ndi imodzi yomwe yoti n'kuoneramo kanema. Wofuna kanema ankapita ku vidiyo sho pa Nsaru, kanyumba ka zidina kotseka mawindo ndi mapulasitiki akuda, mkati mabenchi, kuseri jenereta, panja chisipika cholira mpaka kuchigayo. Mwini wake anali mnzake wa mwamuna wanga kuyambira ku pulayimale. Anavomera kutiikira chimbale chathu Loweruka m'mawa, anthu asanachuluke.

Loweruka limenelo linali lomaliza. Lolemba lake mwamuna wanga ankanyamuka kupita ku Joni ndi msuweni wake kukagwira ntchito yomanga, chifukwa fodya anali atatikana zaka ziwiri zotsatizana.

"Amayi ake, Loweruka mumusambitse bwino mwanayu," anandiuza. "Tikaonere tonse atatu. Akaone mmene bambo ake anatchenera."

"Mwana wa milungu isanu akaona chiyani? Ngakhale bere amalipeza ndi mphuno."

"Akaona ndithu. Ine ndikamunyamula, ndikamuloza kuti awo ndi amako, awo ndine."

Ndinaseka, ndipo mwina ndikanavomera. Koma nyumba yathu inali kuseri kwa nyumba ya amayi anga, poti mwamuna wanga anali mkamwini, ndipo amayi anali ndi makutu omva ngakhale nyerere ikamayenda. Madzulo anandiitanira kukhitchini.

"Iwe, ndamva zoona? Mwana wosatenga ukalowe naye m'nyumba ya anyamata ija?"

Kwathu mwana akatuluka m'chikuta, mchombo utagwa ndi tsitsi atameta, amakhala akadali wozizira. Amalimba pokhapokha bambo ndi mayi ake akachita mwambo womutenga, ndipo anamkungwi anali atatiuza kuti tidikire miyezi itatu. Mwana asanatengedwe samuonetsa kwa anthu wamba, chifukwa anthu oyendayenda ndi akazi kapena amuna amakhala otentha. Wotentha akamugwira mwana wotere, amati mwanayo amadwala tsempho, amatupa masaya ndi mapazi, thupi n'kumangouma.

"Pamabenchi paja pamakhala ndani?" amayi anapitiriza. "Akabaza, ogula fodya, ochokera kumabala. Ndiye chiphokoso chija, liwombo la mwana likadali phaphapha chonchi. Ukamuuze mwamuna wakoyo kuti kuona maso a nkhono n'kudekha."

Mkamwini sakangana ndi apongozi ake maso ndi maso, choncho mlandu wonse unkadutsa mwa ine. Mwamuna wanga anali mwana wa aphunzitsi, akulu a mpingo, ndipo za tsempho ankaziseka.

"Nanga kusikelo mumapita naye bwanji? Kumeneko kulibe anthu?"

"Kusikelo kumakhala azimayi oyamwitsa okhaokha."

"Ndikauza mnzanga atseke chitseko, tikakhale ife tokha."

"Atsekanso mabenchi? Ngati mtima wathamanga pitani nokha, mukadzionere jekete yobwereka ija."

"Ndekha ayi. Ndikufuna tonse atatu."

Ine pakamwa panga sipachedwa, anthu akwathu amadziwa. Ndinali wotopa, wosagona, komanso ndinali ndi mantha ndi ulendo wakewo, ngakhale sindikanavomera tsiku limenelo. Ndinamuyankha kuti, "Inu mukupita Lolemba. Mukufuna mundisiyire mwana wotupa ndizivutika naye ndekha, eti? Kapena mukufuna mumuphe kaye musananyamuke?"

Anatuluka n'kukakhala pachitsa kuseri kwa chigafa, akupukuta tcheni cha njinga chimene chinali choyera kale. Mawu amenewo amandiwawa mpaka lero, kuposa mawu ena onse amene ndinalankhulapo.

Lolemba m'mawa anakulunga chimbale chija m'kansalu n'kuchiika pansi penipeni m'sutikesi yanga. Anamunyamula mwana, n'kumufunsa ngati akufunsa munthu wamkulu kuti, "Mayi, mulimba liti kodi?" Kenako anatembenukira kwa ine. "Akalimba ndikhala nditabwera. Musakaonere ine kulibe."

Mwana anamutenga ndi mankhwala osamba, monga amachitira bambo akakhala kutali. Analimba, anakhala pansi, anakwawa, anamera mano. Bambo ake ankaimba foni Lamulungu lililonse, ndipo nthabwala yake inali yomweyo. "Bwanji, afika msinkhu wa vidiyo sho?" Ine ndinkati afika kalekale, akudikira wowalipirira pakhomo.

Mwana ali ndi chaka ndi miyezi inayi, msuweni uja anaimba tsiku lomwe silinali Lamulungu. Mwamuna wanga anali atagwa kuchokera pamwamba pa nyumba imene ankamanga. Bokosi linabwera patatha milungu iwiri, ndipo anatiuza kuti tisatsegule.

Zithunzi zake zinali m'foni imene inasowa pamaliro pomwepo. Kwa makolo ake kunali chimodzi chokha, ali mnyamata wa fomu 2, ataima kumbuyo kwa anzake. Ndiye kuti nkhope yake ya ubambo, kuseka kwake ndi mawu ake, zonse zinatsala m'chimbale chija.

Pa zimene zinatsatira sindingawanamizire amayi. Iwo omwe, titameta, anandiuza kuti, "Pita nacho chimbale chija, mwana akaone bambo ake." Wokana ndinali ine. Ali ndi zaka ziwiri ndinati sangazindikire kanthu. Ali ndi zitatu ndinati akalira usiku. Ali ndi zinayi ndinati adikire ayambe sukulu, akakhale ndi nzeru zosunga zimene waona. Zoona zake n'zoti ndinkaopa ndine. Ndinkaopa kumuona akuseka, ndiponso anali atandiuza kuti tisakaonere iye kulibe. Sutikesi ija inkakhala pakona pamene denga linkadontha dzinja lililonse. Zovala ndinkazitulutsa kukayanika, koma kansalu kaja sindinkakakhudza.

Ali sitandade 1, tsiku lina anabwera kuchokera kwa azakhali ake, achemwali a malemuwo, n'kundipeza ndikusenda mtedza.

"Amayi, azakhali akuti ndimayenda ngati ababa. Kodi ababa ankayenda bwanji?"

Ndinayesa kumuonetsa, ndinalephera. Loweruka lotsatira ndinamusambitsa bwino, ndinamuveka diresi la kutchalitchi, tinakwera kabaza mpaka pa Nsaru.

Mwini vidiyo sho anali atayamba imvi, ndipo anali atasiya zimbale kalekale. Ankangoonetsa mpira ndi mafilimu a pa fulashi. Atandiona ndi kansalu m'manja anazindikira chimene tabwerera. Anathamangira kunyumba kwake n'kubwera ndi deki yakale yodzaza fumbi, anatulutsa anthu awiri amene anali mkati, anazimitsa sipika ya panja n'kutseka chitseko. Zonse zimene mnzake anapempha tsiku lija anazichita.

Atamasula kansalu ndinaona nkhope yake ikusintha. Chimbale chinali ndi mawangamawanga ngati chimanga chofumbwa, ndipo m'mphepete chinali chitayamba kusupuka. Anachipukuta ndi malaya ake, anachiuzira mpweya, n'kuchilowetsa.

Chinayamba bwinobwino. Kwaya ikuimba panja pa tchalitchi, azimayi akululutira, ine ndikutsika galimoto ndili woonda ngati bango. Mwana anaseka kwambiri. "Amayi, ndinu amenewo?" Kenako wojambula anatsatira mkwati kumbuyo polowa m'tchalitchi. Jekete yobwereka ija, yaikulu m'mapewa, makutu ake aja, phewa lakumanzere litatsika pang'ono, mapazi akuponyera kunja.

"Awo ndi bambo ako," ndinatero.

Winawake m'kanemamo anaitana mkwati, khosi lake linayamba kutembenuka, tsaya linaoneka pang'ono. Pomwepo chithunzi chinasweka timabokositimabokosi n'kuima.

Mwini sho anachitulutsa, anachipaka mankhwala otsukira mano, anachitsuka, anayesanso. Anayesa kudumphitsa kuti tione zakutsogolo, deki inangolira osaonetsa kanthu. Katatu konse chinaima pamalo omwewo. Ndinafunsa za wojambula uja, anati anasamuka kalekale ndipo kompyuta yake inafa zenizeni. Akuluakulu amati ndionetsetse adathetsa nkhosa. Ine ndinadikira kuti mwana akule, osadziwa kuti chimbale nachonso chikukalamba.

Ulendo wachitatu sitinachitulutse. Tinangokhala tikuyang'ana msana uja.

"Amayi, auzeni atembenuke."

Ataona kuti sindikuwauza, anatsika pabenchi, phewa lakumanzere litatsika, mapazi akuponyera kunja. Anazungulira tebulo n'kukasuzumira kuseri kwa TV, kuti akawaone kumaso.