Mapulagi a Malume Bwinobwino

Malume anga, telala wopuma ntchito, anthu amawatcha a Bwinobwino chifukwa ndiwo mawu awo pa chilichonse. Chitseko tsekani bwinobwino, tiyi imwani bwinobwino. Kuyendetsa galimoto sadziwa, koma ali nayo yofiira imene anasiya mwana wawo, msuweni wanga, atamwalira ndi matenda a impso.

Ine ndine makaniko, ndipo galimoto imeneyi yandizunguza mutu. Injini yake ndi ya rotale: mulibe mapisitoni, muli chitsulo cha ngodya zitatu chimene chimazungulira. Injini yotere imadana ndi kuiliza n'kuizimitsa isanatenthe. Petulo amatsalira m'kati, mapulagi amanyowa n'kuda, moto osagwiranso.

Malume ndiye amachita zomwezo. M'mawa uliwonse amavundukula nsalu imene anaisokera okha, amakhala pampando, amailiza, amamvetsera pang'ono, n'kuizimitsa ati isatope. Kenako foni: "Mphwanga, yayambanso kutsokomola." Ine ndisiye magalimoto a anthu pagalaja, ndikamasule mapulagi akuda bii, ndiwakweche ndi burashi. Ndinalongosola mpaka malovu kuuma, iwo kumangoti, "Ndamva, ndiziisamala bwinobwino."

Tsiku lina kukwecha sikunathandize. Injini inkanjenjemera, ikuphonyaphonya, paipi ikulavula utsi wonunkha petulo. Ndinaizimitsa, ndinamasulanso pulagi imodzi, n'kuponya sipanala pansi.

"Malume, mukuipha ndinu! Galimoto iyi si khanda. Imafuna kuthamanga kuti mwaye upse. Mukapitiriza chonchi idzasiyiratu kulira, ndipo ine sindidzatha kuidzutsa."

Anayang'ana pulagi imene inali m'manja mwanga. "Ikasiya kulira, pakhomo pano patsala zii," anatero. "Mwini wake ankailiza m'mawa ine ndikusoka."

Mkwiyo sunathe, koma ndinasowa poutula. Ndinamanga mapulagi atsopano, ndinauza malume akwere mbali inayo, ndinawamanga lamba ngati mwana wasukulu. Njira yonse yotulukira ankandichenjeza za maenje amene ndinali nditawaona kale.

Titafika pamsewu waukulu injini itatentha, ndinaponda moto. Inatsamwa, inatulutsa chiutsi chakuda, kenako inayera kukhosi n'kuyamba kulira mosalala, mawu akukwererakwerera. Malume anagwira chitseko ndi manja awiri. Ndinkadikira "bwinobwino" wawo uja, yankho lili kale pamlomo, koma sanamutchule. Nditawayang'ana, misozi inali ikutsikira pakolala.

"Ndichepetse, malume?"

"Mawu ake enieni ndi amenewa," anatero. "Mwana wanga akamabwera kunyumba ndinkamumvera patali chonchi, n'kukamudikira pageti kuti ndimukalipire."

Anapukuta m'maso ndi chikhatho, nasiya chitseko chija.

"Ponda, mphwanga."