Pampu ya pa Chilumba Ndinakonza Ndine

A Lazalo, alamu anga, ndi amene anandidyera ntchito. Ndikuwatchula dzina chifukwa mpaka lero akuyenda pa boma pa Chadiza ngati munthu wosalakwa.

Chinali chaka cha chilala chija tinkadya chimanga chachikasu. Ine ndinkakonza njinga pansi pa mtengo wa mango ku Mlolo, koma ndani angakonzetse njinga m'nyumba mulibe ufa? A Lazalo, achimwene a mkazi wanga, ankagwira ntchito ku Kariba pa boti la thanga lonyamula alendo. Anabwera kumudzi atavala magalasi akuda, n'kuti, "Mlamu, tiye, bwana akufuna munthu wa miyezi itatu." Ndinapita. Pamenepo ndimathokoza, sindikana.

Ntchito yanga inali kukoka nangula, kupinda thanga, kukwecha pansi ndi kupopa madzi olowa m'boti. Tikaima pa chilumba, maboti ena ankaimanso pomwepo, anthu n'kutsikira kumtunda ndi kaboti kopalasa. Kumeneko ankawotcha nsomba, kumwa, kufunsana za mphepo ndi komwe kuli mitengo yomira. Ntchito zabwino zinkapezekanso komweko. Koma lamulo linali loti mmodzi atsale kuyang'anira nangula, boti lisatengedwe. Wotsala tsiku lililonse ndinali ine. A Lazalo ankavala malaya oyera n'kupita. Ine n'kumangomva kuseka kwawo kukudutsa pamadzi, mtima ukuwawa ngati ndameza tsabola.

Tsiku lina masana, titafika pa chilumba, tinapeza boti lina likulowa madzi. Mwini wake anali mayi wachizungu waimvi. Pampu yake yamanja inali itasiya kukoka, antchito ake akukapa ndi zidebe. A Lazalo anaibweretsa pampuyo m'boti mwathu, n'kuiponya pamapazi anga.

"Iwe wa njinga, taona ngati ungathe."

Ndinamasula mabawuti ndi sipanala ya teni. Mphira ya mkati inali itang'ambika. M'chikwama changa munali chubu chakale cha tayala la ngolo, chimene ndinkadulako zigamba. Ndinaika mphira yong'ambikayo pamwamba, kulemba ndi msomali, kudula ndi lezala, kuboola timabowo ndi sipoko wa njinga wotentha. Ndinadula ziwiri n'kuziphatikiza ndi guluu kuti zilimbe. Nditayesa m'chidebe, madzi anatuluka ngati pa mjigo. A Lazalo anainyamula, ulendo kumtunda.

Bwana wathu ataona thukuta langa anati nane nditsike, nangula ayang'anira yekha. Koyamba kuponda chilumba! Ndinapeza anthu a maboti atatu atawazungulira a Lazalo. Mayi uja atawagwira dzanja, wantchito wake, bambo wa ku Petauke, akumasulira: "Akuti munthu wa manja otere akumufuna pa boti lawo. Ntchito yokhazikika, ndi nyumba yomwe."

A Lazalo anangoti, "Zazing'ono izi, mayi."

Bambo wa ku Petauke uja anaona guluu ku zala zanga. Anandikodola. "Achimwene, nanga si inu? Nenani, ndimasulira ine."

Ndinawayang'ana a Lazalo. Kwathu mkamwini satsutsa mchimwene wa mkazi wake pamaso pa alendo. Ndikukhala pamudzi pawo, ndikulima munda wawo, ana anga ndi mbumba yawo. Ndinati ndikamba nawo tikakhala awiri. Ndinabisa manja kumbuyo, n'kuti, "Ayi, ndimangothandizako."

M'mawa mwake ndinawaona a Lazalo akumanga chikwama, akupita kukayamba ntchito pa boti la mayi uja. Nditawafunsa anaseka. "Mlamu, pakamwa unasiya ku Mlolo?"

Miyezi itatu itatha ndinabwerera ku mango kwanga. Iwo anakhala zaka, anaponda zilumba zonse, anabwera ndi zithunzi atakumbatirana ndi anthu a maboti. Nsanje ndili nayo, sindibisa. Ndikaona zithunzi zimenezo ndimadziona ndekha pamalo pawo. Ndipo amene andifunsa za ntchito ya m'boti ndimamuuza chimodzi: ulemu wa chikamwini uusiye kumudzi. Chimene manja ako achita uzinena pomwepo, guluu asanaume.

Ntchito ija inapita, siibwerera. Chimene chikundiwotcha n'chakuti nkhani ya pampu amaikamba pamaliro paliponse, mpaka mwana wanga wamkazi Tisungane, mayi wa ana awiri, anandifunsa kuti, "Atate, pamene amalume ankakonza pampu, inu munali kuti?"

A Lazalo, bwerani pansi pa mango. Mukhale pamaso pa mlongo wanu ndi ana anga. Ndikupatsani chubu, lezala ndi sipoko. Mudule mphira ija tione. Mukalephera, munene ndi pakamwa panu kuti pampu ija anakonza ndani.