Dzenje la Kuseri kwa Khola

Ntchito yanga yoyamba yolembedwa ndinaipeza imvi zitatuluka kale. Moyo wanga wonse ndinali munthu wa khasu ndi thonje, sukulu ndinalekezera sitandade folo. Ndiye tsiku lina pa Chikwawa boma, ndikukukuta chimanga chootcha pokwerera minibasi, munthu wina anandizungulira kawiri ngati akufuna kundigula. Anali a Bizeki, ogulitsa mbuzi.

"A Sande, taimirirani ndikuoneni."

Ndinawauza kuti ndaimirira kale.

Anaseka mpaka kugwira bondo. "Basi madala, ntchito mwaipeza."

Ine ndine wamfupi, abale. Mulungu pondiumba dothi linamuthera.

A Bizeki ankagula mbuzi m'midzi n'kumazigulitsa pa foni, m'magulu amalonda aja omwe munthu amaponyamo chithunzi, wina ku Nchalo kapena ku Blantyre n'kuona, n'kuimba. Ine zinkandizunguza mutu. Mbuzi ili m'khola ikudya makoko a nandolo, koma yomweyo ili m'matumba mwa anthu amene sanamvepo fungo lake! Ndinavomera ntchitoyo makamaka kuti ndione mmene zimayendera.

Zimayenda chonchi. Mbuzi timayamba taipatsa mchere kuti imwe madzi ambiri, mimba ikhale ngati ng'oma. Kenako timaisambitsa ndi sopo, ikauma n'kuipukuta ndi kansanza konyika m'mafuta ophikira kuti ubweya uwale. Kujambula ndi m'mawa, dzuwa la kuchigwa kuno lisanayambe kulusa. A Bizeki ankagona chafufumimba, foni ili pafupi ndi dothi, kuti mbuzi ioneke ngati ikukuyang'anira pansi. Ine yanga inali kugwira chingwe n'kumwetulira. Pambali pa ine mbuzi iliyonse inkaoneka ngati mwana wa ng'ombe.

Koma ufupi wangawo sunawakwanire. Kuseri kwa khola anakumba kadzenje kolowa mpaka m'mawondo, n'kusiya udzu m'mphepete. Ndikalowamo, mbuzi n'kuima patsogolo panga, inkandifika m'chiuno. Pansi pa chithunzi ankalemba kuti: "Tonde wamphamvu, mbewu yabwino, onani nokha msinkhu."

Ndinafunsapo ngati si bodza limeneli. "Ndanama pati?" anatero a Bizeki. "Mbuzi ndi yomweyi, inu ndi omwewa. Maso ndi awo."

Ndinaona ngati pali nzeru. Komanso, ndisaname, kutchuka kunkandikoma. Pamsika anthu ankandiloza kuti, "Si madala a pa foni aja!"

Tsiku lovuta linafika ndi mayi Alufandika a ku Makhuwira, kutsidya kwa Shire. Mzimayi wamtali, wolankhula Chisena chosakaniza ndi Chimang'anja. Madzi osefukira anawakokolera mbuzi, anangotsala ndi zazikazi zitatu, ndipo ankafuna tonde woti autse khola. Anasiya munda pakati pa kupalira, anabwera pa kabaza fumbi mpaka m'nsidze. Kumudzi anali atauza kale amayi anzawo kuti nawonso akonze mbuzi zawo, kukubwera tonde weniweni.

A Bizeki anatulutsa tonde amene mayiwo anamuona pa chithunzi. Mchere unali utatha mphamvu, mafuta atakola fumbi. Mayiwo anamuyang'ana, n'kuyang'ana foni yawo. Anamutsegula kukamwa kuona mano, anamugwira msana.

"Mwana wake ndamuona," anatero. "Tsopano nditulutsireni bambo ake."

"Ndi yemweyo, mayi," anatero a Bizeki. "Wangotopa ndi kutentha."

"Nkhabe! Kutentha kumafupikitsa miyendo?" Kenako anatembenukira kwa ine. "Baba, taimani pambali pake."

Ndinaima. Tonde anandifika m'mawondo, mwina kupitirira pang'ono chifukwa cha nyanga.

"Ine a Bizekiwa sindiwadziwa," anatero mayiwo, mawu atatsika. "Ndinabwerera nkhope yanu. Si inu munayankhula pa maliro a malume anga chaka chija? Ndinawauza anzanga kuti madala awa sangaime pa chinthu chabodza."

Ine ndinkaganiza kuti anandilemba chifukwa cha ufupi wokha. Sindinadziwe kuti pamodzi ndi mbuzi tinkagulitsanso nkhope imene ndinaisunga zaka zonsezi m'maliro ndi m'milandu ya mabanja.

A Bizeki ankanditsinzinira diso ngati mwalowa kachitsotso. Ndinati, "Mayi, pa chinthu chabodza sindinaimepo. Ndinaima m'kati mwake. Tiyeni mukaone."

Ndinawatengera kuseri kwa khola, n'kukankha udzu ndi phazi. Anayang'ana dzenjelo nthawi yaitali. Ndinkadikira kutukwanidwa. Koma iwo anakwinya chitenje, analowamo, n'kuitana: "A Bizeki, bweretsani nkhuku, mundijambule nayo! Tikaigulitse ngati nthiwatiwa!"

Wakabaza amene anawabweretsa anaseka mpaka njinga kumugwera. A Bizeki okha ndi amene sanaseke. "Madala, mawa musavutike kubwera," anatero.

Masana omwewo ndinawaperekeza mayiwo kwa mnzanga wina woweta mbuzi kumunsi kwa mudzi, munthu wopanda foni. Tonde wake mayiwo anamuyeza ndi ntchafu yawo, osati yanga, atayamba apondaponda pansi ponse kuona ngati palibe pokumbidwa. Anamumanga pa kabaza, anandigwira dzanja n'kundithokoza m'Chisena chawo. "Takhuta, baba. Koma kujambulitsa mulekeretu."

Ntchito inathera pomwepo, koma dzina linatsala. Mpaka lero pa boma amanditcha a Dzenje, ndipo ndimayankha, nanga ndikane bwanji? Dzenjelo a Bizeki anadzalamo nthochi, akuti ikubereka bwino. Mwina ndi chinthu choyamba chachikulu zenizeni chotuluka pamenepo.

Masiku ano anthu akafuna kugula katundu pa foni amabwera kudzandionetsa, poti amati ndine katswiri. Kaya ndi njinga, kaya ndi sola, kaya ndi ng'ombe, ine katunduyo sindiyamba kumuyang'ana. Ndimafunafuna mapazi a munthu waima pambaliyo. Ngati sakuoneka, sungani ulendo wanu, mukapalire munda.