A Kopolo ndi Chitseko cha Apongozi

Ndikakumbukira a Kopolo Zakeyu, ndimamva fungo la mafuta a njinga losakanikirana ndi la fodya wa chingambwe, ndipo m'makutu mwanga mumabwerera kaphokoso kaja ka waya akukanda m'mimba mwa loko, kwerekwete kwerekwete, ngati khoswe walowa m'nkhokwe. Amayi akangomva kaphokoso kameneko, ngakhale ali pamtondo, ankaponya munsi pansi n'kufuula kuti, "Mayo ine, ayambanso!"

A Kopolo anali amuna awo a amayi anga aang'ono, a Esinati. Kwawo kunali ku Nathenje, koma monga mkamwini anadzamanga kwathu, kuseri kwa Mitundu, ndipo nyumba yawo ndi yathu zinangolekanitsidwa ndi kampanda ka tsekera. Asanakwatire anali msilikali, komatu osati woguba chabe pa perete. Iwo ankati anali m'kagulu kosankhika kamene kankatsogola kukatsegula zitseko za adani, asilikali enawo asanafike. Nkhondoyo inali kuti, musandifunse ine, sukulu ndinaithawa tisanafike pa mapu. Tsiku lina ankati kunali nkhalango yamvula, tsiku lina mchenga wokhawokha. Zinkatengera zimene amwa.

"Polowa m'nyumba ya mdani pali njira ziwiri," ankatero, akutiloza ndi kaliwo. "Yaulemu ndi yamwano. Yaulemu ndi waya. Yamwano ndi chidendene."

Vuto linali lakuti nkhondo inatha, koma zala zawo palibe anaziuza. Mumpendero wa chipewa chawo munkakhala sipoko ya njinga yophwanthidwa kunsonga, ndipo loko aliyense wa m'mudzimo anailawa. Munthu ubwere kumunda, khasu paphewa, thukuta kamukamu, upeze chitseko chako chili yasa, a Kopolo atakhala pakhonde pako miyendo tambalala, loko ali m'manja.

"Loko uyu ngwabodza, alamu," ankawauza abambo. "Ndangomupatsa moni, iye n'kutseguka. Akanakhala mdani, bwenzi pano mulibe ndi bulangete lomwe."

"Mdani wake uti?" abambo ankazaza. "Mdani wa maloko m'mudzi muno ndinu!"

Ndipo sankanama abambo. Loko akalawa sipoko ija sankatsekanso. Ankangolendewera kukamwa kuli pululu ngati mbuzi yakufa. Bokosi la amayi losungira nsalu za kutchalitchi linathera pomwepo, tinkachita kulimanga ndi luzi. Kabati ya aphunzitsi a Sande sukulu chimodzimodzi. Kuba sankaba, ngakhale singano. Akanakhala akuba bola, tikanawamanga n'kupumula. Koma munthu wokuthyolera loko n'kumadikira kuti umuthokoze, umutani?

Nyumba imodzi yokha ndiyo sankayandikira, ya agogo Nabanda, amayi awo a amayi, omwe kwa a Kopolo anali apongozi. Ana a masiku ano simungamvetse. Nthawi imeneyo mkamwini ndi apongozi ake aakazi sankayang'anana kumaso, sankadyera pamodzi, ndipo kulowa mogona apongozi ndiye kunali kosayerekeza n'kulota komwe. Akakumana panjira, a Kopolo, munthu woti anaona mizinga, ankalumphira m'tchire n'kunjuta, nkhope atalozetsa ku chulu, akuwomba m'manja mpaka agogo adutse. Mawu ankadzera mwa munthu wina. Agogo ali pomwepo, a Kopolo ali apo, koma agogo ankati, "Esinati, uwauze a ku Nathenjewo kuti mbuzi yawo yadya khwanya wanga."

Tsono agogo anali ndi chitseko. Ena tonse tinali ndi zitseko zathu zosaoneka bwino, zina za bango, koma cha agogo chinali cha matabwa a mlombwa, chopalidwa bwino, chimene amalume anawagulira atabwera ku Joni. Ankachipukuta ndi nsanza m'mawa uliwonse ngati mwana. Ataona zimene zinkachitikira maloko a anzawo, agogo anati cha iwo sichilawa sipoko ya munthu. Anakana loko. Anaitana mmisiri kuti awakhomere zitsulo ziwiri m'kati, n'kupeza mpiringidzo wa mtengo wa muwanga, wonenepa ngati mwendo wanga uno. Masana akachoka ankasiya mmodzi wa ife pakhomo, pogona n'kupiringidza.

"Aloweretu tione," ankatero agogo, mokweza kuti mawu adumphe mpanda.

Ndiye kunabwera m'mawa wina wa mwezi wa Juni, kuzizira kolasa m'mafupa, mame ali mbuu pa udzu. Linali tsiku la msika ku Mitundu, ndipo amuna onse analawirira ndi mtedza ndi nkhuku zawo, amayi nawonso. Pamudzi tinatsala ine, amayi aang'ono amene anali ndi pakati potopa, ndi a Kopolo amene ankakonza tcheni cha njinga. Dzuwa linakwera, nkhuku zinabalalika, koma tsache la agogo silinamveke pabwalo. Agogo ankasesa kusanache, ndipo kusesa kwawo kunali wotchi ya mudzi wonse.

Ndinapita kukagogoda. Zii. Kenako ndinaona utsi wopyapyala ukutuluka pansi pa chitseko ndi m'mphepete mwa denga, ndipo fungo lake silinali la nkhuni, linali la nsalu ikunyeka. Agogo ankakonda kugona ndi phale la makala a zitsononkho pafupi ndi mphasa kukazizira. Nyumbayo inalibe windo, kupatula kabowo koti n'kadzanja ka mwana sikangalowe.

Amayi aang'ono anabwera atagwira m'chiuno, anamenya chitseko ndi manja onse awiri. "Amayi! Amayi!" M'katimo munamveka kachifuwa kamodzi, kofooka, kenako zii. Anatembenuka n'kukuwa dzina limene sankalitchula pagulu: "Zakeyu!"

A Kopolo anabwera chothamanga, manja ali bii ndi mafuta. Ine mumtima ndinati lero ndiye tiona nkhondo. Koma atatsala pang'ono kufika pakhonde, munthu uja anaima njii ngati wamangidwa chingwe. Anavula chipewa. Ananjuta. Anayamba kuwomba m'manja.

"Odi! Odi kuno kwa apongozi!"

"Odi wa chiyani?" amayi aang'ono analira. "Anthu akufa m'menemu, inu mukuti odi?"

"Ndikudziwa, mayi, ndikudziwa." Anasolola sipoko ija n'kuyang'ana chitseko kuchokera pamwamba mpaka pansi. Panalibe loko, panalibe bowo la kiyi. Matabwa okhaokha, osalala, onyezimira. "Apiringidza m'kati," anatero, ngati akutiuza zachilendo.

"Apiringidza chifukwa cha inu! Thyolani!"

"Nanga ndikathyola n'kuwapeza ali chigonere, nsalu itasuntha? Maso angawa ndidzawaika kuti m'mudzi muno? Kunkhondo kunalibe apongozi, Esinati!"

Ine mpaka lero ndikakumbukira mawu amenewo ndimafuna kuponya chinthu. Munthu woti anatimaliza maloko mudzi wonse popanda womutuma, tsiku limodzi lokha limene tinamufuna, ali chinjutire akuwomba m'manja! Amayi aang'ono anatola munsi kuti athyole okha, koma atangounyamula anagwira pamimba n'kukhala pansi. Ine ndinadziponya pachitseko ndi phewa, n'kubwerera ngati mpira wachikulunga. Utsi uja tsopano unali wakuda.

Pamenepo a Kopolo anaimirira. Anavala chipewa n'kuchikokera pansi mpaka chinaphimba maso. Anatembenuka, msana kuchitseko, nkhope kubwalo. Anabwerera chambuyo mpaka anakhudza matabwa, n'kugogoda ndi chidendene pansi, pakati, pambali, khutu lili tcheru, kufuna kumva pamene panali chitsulo cha mpiringidzo.

"Esinati," anatero, "udzawauze apongozi kuti sindinaone kanthu."

Anapinda bondo n'kuponya mwendo kumbuyo ngati bulu. Phwaa! Chitsulo chinazuka ndi misomali yake, thabwa limodzi linang'ambika pakati, chitseko chinagwera m'kati, utsi n'kutulukira pa iwo ngati wa uvuni wa njerwa. Ndipo analowa chambuyo, anthuni, chambuyo, atawerama, manja akufufuza kumbuyo kwawo.

"Kumanzere!" amayi aang'ono ankakuwa ali pakhomo. "Mwaponda phale! Pitirirani! Apo, gwirani!"

"Ndagwira chiyani? Ngati ndi mwendo undiuze ndisiye!"

"Ndi mphasa! Kokani!"

Anagwira nsonga ziwiri za mphasa n'kuikoka ngati ng'ombe yapangolo, agogo ali pomwepo, mpaka pabwalo. Bulangete linali likunyeka kumiyendo. Ndinalikoka n'kuliponda, amayi aang'ono akuwathira agogo madzi a mumtsuko kumaso. A Kopolo sanacheuke ngakhale kamodzi. Atangosiya mphasa analunjika kuseri kwa nkhokwe, n'kukanjuta kumeneko, phazi lopsa atalinyika m'matope a pamtsuko wa nkhuku, akufunsa nkhokweyo kuti, "Akupuma? Esinati, akupuma?"

Agogo anapumadi. Anatsokomola, anasanza, anatsegula maso ofiira psuu. Anayang'ana kumwamba, anayang'ana mwana wawo, kenako anatembenuza mutu kuyang'ana kunyumba. Mawu awo oyamba, ine ndinalipo, sindikuwonjezera:

"Chitseko changa wathyola ndani?"

Anthu atabwera kumsika, nkhani inakambidwa pansi pa mtengo wa mango. Onse anavomereza kuti a Kopolo anapulumutsa moyo. Onse anavomerezanso kuti mkamwini walowa mogona apongozi, kaya chambuyo kaya chamtsogolo, ndipo a Kopolo anapereka tambala woyera. Chitseko anachikonza okha, agogo atapita kudimba, koma monga zonse zimene a Kopolo anazikhudza, sichinatsekekenso bwino. Chinkalira ngati mwana wa mbuzi, ndipo chikalira agogo ankati, "Esinati, uwauze a ku Nathenjewo kuti ntchito yawo ikuwapatsa moni." Anadandaula za chitseko chimenecho mpaka tsiku limene tinawatulutsira pomwepo kupita nawo kumanda. Koma mpiringidzo uja anausandutsa nkhuni sabata yomweyo, ndipo chaka chilichonse dzungu loyamba la m'munda mwawo ndinkatumidwa ndine kukalisiya pakhonde pa a Kopolo, ndi uthenga wakuti ndi la Esinati.

Mukuganiza a Kopolo anasiya maloko? Anachita kunyanya. Tsopano akathyola wako ankawonjezera kuti, "Mwayi wanu ndabwera mwaulemu."

Masiku ano adzukulu anga amandionetsa pafoni asilikali ovala zakuda, akuphulitsa zitseko ndi zitsulo ndi mabomba, n'kumati, "Agogo, mwaona makomando?" Ine ndimati ndaona, koma onsewo akulowa akuyang'ana kutsogolo, ndipo m'katimo mulibe apongozi awo. Amaseka, amati ndakalamba.

Asekeni. Juni akafika, akazi anga amapiringidza chitseko chathu, ndipo ine ndimapita mwakachetechete kukachotsa mpiringidzowo, tikangane m'mawa. Mkamwini wathu ndi mnyamata wabwino, apongozi ake amawagwira chanza, amawayang'ana m'maso, amadya nawo mbale imodzi, ndipo angalowe popanda odi. Koma ndinamuyang'ana bwino miyendo tsiku la ukwati. Ndi bango lenileni, ndipo amavala masilipasi.