Wonyamula Machira Pabwalo la Mpira

Mkuluyu anayamba kunyamula machira pabwalo la mpira imvi zisanamere, ndipo pampando sankakhalapo. Ankangoyendayenda m'mbali mwa mzere, maso ali pa miyendo ya anyamata. Ntchitoyi inamuphunzitsa kuti wosewera wogubuduzika uku akukuwa amadzuka yekha. Wodetsa nkhawa ndi amene wagwa popanda womugunda, n'kungogona duu atagwira bondo. Koma lamulo linali loti machira salowa woyimbira asanakodole.

Loweruka lina, amene anagwa chotero anali mwana wake, womwetsa zigoli wa timu ya pabwalopo. Woyimbira anali atapenya kwina, mpira ukupitirira. Mkuluyo anagwira machira kuti alowe.

"Akulu, dikirani, atichotsa ntchito!" anatero mnzake wogwira kumbuyo kwa machira.

"Atichotse. Uyo akangoyesa kuimirira, bondo latheratu."

Anamukoka mnzakeyo ndi machira omwe mpaka pakati pa bwalo, anthu akukuwiza. Anapeza mwanayo atatsamira kale chigongono kuti adzuke.

"Bambo, mwandichititsa manyazi."

"Gona, iwe! Mwendowo usapondere."

Ntchito inathadi Lolemba. Bondolo madokotala analikonza, ndipo mwanayo akuphunziranso kuthamanga.