Chithunzi Chapamwamba pa #KhondeLathu

Anzanga, mayiyu tinakumana pansi pa chithunzi cha maluwa.

Malemu mkazi wanga ankadzala maluwa m'zitini za penti. Akawajambula ankaika zithunzizo pa intaneti, n'kulemba pansi kuti #KhondeLathu. Atamwalira ndinapitiriza ine. Lamlungu lililonse ndikathirira ndinkajambula, n'kumulembera mawu awiri atatu. Onditsatira anali abale ochepa chabe, ndiye ndinkalemba momasuka. Hashitagi ndinkaiona ngati dirowa ya kuchipinda kwathu.

Tsiku lina kunabwera komenti ya munthu wachilendo, namwino.

"Bambo, duwa lofiiralo mukulimwetsa madzi ambiri. Mulipha."

Ndinamufunsa ku inibokosi kuti wandipeza bwanji. Anandifotokozera kuti aliyense akadina mawu oyamba ndi # amaona zonse zimene anthu anaika ndi mawuwo, ngakhale zakalekale. Iye ankafuna zithunzi za makonde, n'kugwera pa lathu. Anali atawerenga zonse...

Ndinachita manyazi, koma kumuyankha sindinasiye.

Patapita nthawi anayamba kubwera kunyumba Lamlungu. Anaboola zitini kunsi, anasintha dothi, ankandiseka kuti ndimathirira ngati ndikuzimitsa moto. Ine ndinayambanso kusita malaya.

Mwezi watha anakhala pampando wa malemu, kapu ya tiyi ili m'manja, n'kudzijambula. Sindinadziwe kuti waposita pa #KhondeLathu. Ndinamvera kwa alamu anga, akulu ake a malemu, amene anaimba foni masana omwewo.

"Alamu, mpando wa mng'ono wanga wapeza kale mwini wake?"

Nditadina, chithunzicho chinali pamwamba penipeni. Zithunzi za mkazi wanga zinali pansi pake.

Namwino uja atabwera, ndinamupempha modekha kuti achotseko hashitagi yokhayo. Iye anandifunsa:

"Ndasamala maluwa amenewa miyezi isanu ndi itatu. Ndiuzeni, pakhonde pano ine ndine mlendo?"

Ndinangoyang'ana pansi.

Anatsuka kapu yake, anaivundikira, n'kumapita. Sanabwerenso.

Chithunzicho chidakalipo. Sindingachifufute chifukwa si changa, ndipo hashitagi ilibe kiyi, anzanga. Ndimadina, ndimatseka, ndimadinanso. Ndimafika pageti la kwawo n'kubwerera. Nambala yake ndaitsegula kangapo osaimba.

Lero ndi Lamlungu. Duwa lofiira lija lamasula koyamba chimwalirireni mwini wake. Amene analidzala palibe, amene analichiritsa palibe.

Ndalijambula. Pansi pake ndalemba # yokha, ndipo chala changa chaima pomwepo.