Katani ya Pakhoti la Ana

Katani ija inali yobiriwira, yofwifwa ndi dzuwa, ndipo pakona inali ndi kabowo kodyedwa ndi mphemvu. Ankaikoka pazenera la kachipinda ka khoti ku Mangochi akamazenga milandu ya ana. Ndinaiona koyamba nyengo ya mwera, sukulu zitatsekera, tsiku limene achimwene anga, mnyamata wa Sitandade 7, analowa m'menemo ndi mayi.

Ine anandisiya pakhonde, fumbi likundilowa m'mano. Ndinkaganiza kuti m'katimo akukwapula munthu, koma kulira sikunamveke. Ndinasuzumira pakabowo, ndipo ndinangoona nsapato zakuda za mayi woweruza. Atatuluka, mayi anatigulira nzimbe, ndipo tinabwerera kwathu kwa Mponda.

Kwathu chinsinsi sichinkagona. Ukatsokomola padooko, amayi oyanika usipa amva kale kuti uli ndi chifuwa chachikulu. Ena ankati achimwene anaba ukonde, ena ankati anawagwira ndi katundu wozembetsa ku Chiponde, koma woona ndi maso panalibe. Ine ndemwe khutu linkandiyabwa koopsa.

Amalume, mwinimbumba wathu, anali munthu wosatsutsidwa. Chaka chimenecho ndiwo ankayang'anira ndagala, msasa wa anyamata a jando kuthengo. Mayi atakana kuwauza za mlanduwo, anatemetsa nkhwangwa pamwala: akawerenga okha zolembedwa kukhoti, adzanene pamaso pa mbumba yonse, ndipo sukulu ya achimwene ithere pomwepo, apite ku Namwera akalime fodya. Achimwene anasiya kudya. Ankangokhala kuseri kwa nyumba, atakumbatira yunifolomu yawo.

Popita kukhotiko, amalume ananditenga pakaliyala wa njinga yawo kuti ndiwagwirire chambo cha mphatso. Fungo la nsomba zija ndimalimvabe. Titafika, mayi woweruza uja anatuluka yekha pakhonde, wamfupi, wa mawu otsika. Chambo sanachiyang'ane n'komwe.

"Bambo, mlandu wa mwana si wa pabwalo," anatero. "Mayi ake analipo ndipo anamva. Zolembedwazo sizituluka popanda chilolezo cha khoti."

"Makolo amandipatsa ana awo kundagala," amalume anakweza mawu, "inu mundibisire za mwana wa mlongo wanga?"

"Nanga ine nditabwera kundagalako kudzafunsa zochitika kumeneko, mungandiuze?"

Ndinadikira kuti denga ligwe. Amalume anakonza kofiya wawo, n'kuyang'ana katani ija nthawi yaitali.

"Zakundagala sizinenedwa, mayi," anayankha chapansipansi. "Mwana amatuluka ndi dzina latsopano."

"Kunonso n'chimodzimodzi."

Sindinaonepo chodabwitsa chotere, ndipo kunena zoona mpaka lero sindinachionenso. Munthu amene asodzi ankamuvulira zipewa anakankha njinga mwakachetechete, ine pambuyo ndi nsomba zanga. Chambo chija tinadya tokha, ndipo mutu, umene amalume sankagawira munthu, anauika m'mbale ya achimwene.

Tsiku lotuluka anyamata a jando, ng'oma zikugunda, amayi akululutira, mayi wina anafunsa amalume za mlandu uja. Iwo anangoti, "Ine sindikudziwa, ndipo inunso simukudziwa." Sukulu zitatsegulira, achimwene anavala yunifolomu ija n'kumapita.

Lero iwo ndi bambo wa imvi, amaphunzitsa ana a anthu, ndipo palibe amawaloza chala. Mayi anapita nayo kumanda nkhani ija. Ndinawafunsapo achimwene kamodzi tili akuluakulu, iwo anangoseka n'kunena kuti, "Kafunse katani."

Nthawi imeneyo ndinkakwiya nayo nsalu ija. Ndinkayesa kuti ikutibisira chinthu choopsa kuti ife tisachite mantha. Sindinkadziwa kuti oopsawo tinali ife a kunja, ndipo kuti lilime loyamba kukafikitsa nkhaniyo padooko likanakhala langa.